Mano a Galu Pachidendene

A Chidendene sayang'ana munthu kumaso. Si miseche iyi, eni ake ali moyo, mutha kukawafunsa, koma dziwiranitu kuti pokuyankhani maso awo adzakhala pa mapazi anu. Zaka makumi atatu akhala pa kabenchi kamodzimodzi, m'kashopu kosokera nsapato kopanikizika pakati pa wometa tsitsi ndi sitolo ya penti. Phazi lachitsulo lokhomerapo nsapato pakati pa maondo, timisomali pakamwa, ulusi wopaka phula uli lende m'khosi. Chiphunzitso chawo n'chimodzi: nkhope ndi yabodza, imasamba, imadzola, imaseka pamene mtima ukutukwana. Koma nsapato ilibe ulemu, imaulula zonse.

Ndipo ankadziwadi. Dalaivala ankamuzindikira ndi soli yakumanja yodyeka pakati. Mphunzitsi, ndi choko cha m'misoko. Bambo wina atabwera n'kudandaula kuti wagona sabata yathunthu ndi malungo, a Chidendene anangotembenuza nsapato yake n'kufunsa kuti, "Malungowo amavinitsa chonchi?"

Ngakhale akazi awo anawapeza mwa njira yomweyo. Tsiku lina, kalekale, mtsikana wina anabwera atavala masandasi oduka lamba, koma omangidwa ndi kawaya mwaluso lodabwitsa. A Chidendene anati mumtima, mkazi wosataya chinthu ndi ameneyu. Pasanathe chaka anakwatirana. Mayiwo kwa zaka zambiri ankauza anzawo kuti, "Ndikudikirabe tsiku limene adzandiyang'ane kumaso. Adzakomoka ndi mwayi umene anatola."

Mwana ali naye mmodzi yekha, wamkazi, namwino pa kachipatala kena. Ndiye mtima wawo wonse. Mavuto anayamba Lamlungu lina masana, namwinoyo atabweretsa kunyumba mnyamata wokonza mafoni mumsewu wachiwiri, amene aliyense amangomutchula kuti Wamafoni. Mayi anali atangokolopa, choncho mlendoyo anavula nsapato n'kuzisiya pakhonde. Zakuda, zopukutidwa mpaka kuwala ngati galasi. Tiyi ali pakati, a Chidendene anadzuka kuti akukapitidwa mphepo pakhonde. Anakhalako mphindi zitatu. Pobwerera anangokhala pansi n'kunena mawu amodzi.

"Ayi."

Mlendo atapita, mwana analira, mayi anakalipa.

"Ababa, walakwa chiyani?"

"Nsapato zake sizinandisangalatse."

"Zatani nsapatozo?"

"Zimene nsapato yandiuza ndi za pakati pa ine ndi nsapatoyo. Iwe umaulula matenda a odwala ako?"

Chinsinsi cha ntchito chimenechi anachisunga mwaulemu waukulu mpaka kuchipinda, kumene anachikhuthulira akazi awo chonse.

"Mayi ake, zidendene zonse zadyekera kunja, woyendayenda. Mphuno za nsapatozo zakalika ndi waya wa mipanda. M'mizere ya soli muli dothi la mitundu isanu, makomo asanu amenewo. Ndiye kumbuyo kwa yakumanzere, mano a galu. Agalu awiri osiyana, wina wamkulu wina wamng'ono."

"Ndiye galu akaluma munthu, wolakwa ndi munthuyo?"

"Galu saluma pachidendene munthu amene akubwera. Amaluma amene akuthawa. Mnyamata ameneyu amadumpha mipanda ya eni. Osamuuza mwana, angasweke mtima."

Namwino anakangouza Wamafoni kuti bambo sanakonde nsapato. Mnyamatayo anagwetsa nkhope ngati munthu amene ali ndi kena kake kochititsa manyazi. M'mawa mwake namwinoyo anaima pakhomo la shopu ya bambo ake atavala yunifolomu, manja m'chiuno.

"Ababa, filimu ya ngwazi zisanu ndi ziwiri ija ikutuluka pakatha masabata atatu. Mnzanga uja wagula matikiti anayi. Yanga, yake, ya amayi ndi yanu. Tsikulo mpando wanu ukakhala wopanda munthu, ine ndikatuluka mu holo ndi sutikesi m'manja, ndipo kunyumba kwanu sindibwerera."

"Ukundiopseza ndi zidole zovala makabudula pamwamba pa thalauza?"

"Ndangokuuzani tsiku."

Tsono muyenera kudziwa kuti masiku amenewo msewu wonse unali utapenga ndi filimu imeneyi. Inachokera m'timabuku ta zithunzi, nkhani ya ngwazi zisanu ndi ziwiri zimene zimapulumutsa dziko nthawi iliyonse likatsala pang'ono kuphulika. Mufilimu yapitayo mtsogoleri wawo, Mzati, anafa atanyamula mlatho pamsana kuti anthu awoloke. Tsopano opanga filimu anatulutsa kachidutswa kotsatsira, ka mphindi imodzi ndi theka, ndipo kumapeto kwake munatulukira munthu wovala chigoba chakuda, akuyenda mu utsi, osayankhula. Basi. Funso linali limodzi: Wachigoba ameneyu ndani?

Likulu la kafukufuku linali kwa wometa, kuseri kwa khoma la pulayiwudi limene a Chidendene ankatsamira. Kuyambira m'mawa mpaka kutseka ankangomva mikangano. Wometa ankalumbira kuti Wachigoba ndi loboti. Kasitomala wina anakhala tsiku lonse mutu wometedwa theka, akulimbikira kuti ndi Mayi Nkhungu wa m'gulu lomwelo amene wabwera kuchokera m'tsogolo kudzadzimenya yekha. Ena awiri anasiya kupatsana moni chifukwa cha mtundu wa utsi. Anthu ankatuluka m'shopumo ndi mizere m'mutu imene sanaipemphe, chifukwa wometa ankagwira makina ndi dzanja lina, lina akulozera pafoni.

Koma mkulu wa akatswiri onse anali Wamafoni. Timabuku tonse anawerenga. Anali ndi kope lodzaza mivi ndi mabwalo, ndipo masana aliwonse ankabwera kudzafotokoza kuti Wachigoba ndi mdani watsopano wochokera m'kabuku ka nambala yakutiyakuti. Mawu ake ankaboola pulayiwudi n'kulowa a Chidendene m'khutu ngati udzudzu.

Tsiku lachinayi analephera kupirira. Analavula timisomali, anapukuta manja pa epuloni, n'kulowa kwa wometa. Onse anatembenuka. Wamafoni anaimirira mpaka kope linagwa.

"Iwe, bweretsa kuno chinthu chakocho."

"Bambo, kachidutswaka?"

"Yatsa. Pititsa kumapeto. Imitsa pamenepo. Tsitsa pansi, chigobacho ndilibe nacho ntchito. Kulitsa. Kulitsanso."

Pagalasi la foni panadzaza jombo ziwiri. A Chidendene anaziyang'ana nthawi yaitali, mlomo wapansi uli panja.

"Uja mukuti anafa ndi mlathoyu, mapazi ake akuoneka penapake?"

Wometa anafufuza filimu yakale pafoni yake. Anaipeza: Mzati atagwada pansi pa mlatho, soli zili poyera. Anaika mafoni awiriwo pamodzi pa shelefu ya zipeso.

"Onani apa, ana inu. Chidendene chakumanzere anachikweza ndi chigamba, kukhuthala kwake chala chimodzi. Misoko isanu ndi iwiri, wachisanu wapendekeka chifukwa wosokayo singano inamuterereka. Onaninso uku. Chigamba chomwecho, msoko wopendekeka womwewo. Inu mwatha masiku anayi mukufunsa chigoba, pamene jombo ikukuwa. Munthu wanuyu sanafe. Wachigoba ndi Mzati."

Akuti kasitomala wa mutu watheka uja anagwa pampando. Wometa anazimitsa makina n'kuvula chipewa chimene sanavale n'komwe. A Chidendene anatembenukira Wamafoni, kapena tinene kuti anatembenukira mawondo ake, n'kumuuza motsitsa mawu, "Nsapato sinama, iwe. Uzikumbukira zimenezo."

Wamafoni, munthu wopanda kaduka, anatumiza zithunzi ziwirizo ku gulu la pafoni la okonda filimuyo, n'kulemba kuti wazitulukira ndi katswiri wa nsapato wa mumsewu wakwathu. Pofika mawa lake nkhani inali itawoloka nyanja. Anthu a kumayiko kumene dzuwa limatuluka ife tikugona ankajambula mizere yofiira mozungulira msoko wachisanu. Ena ankatsutsa, ena ankalira ndi chimwemwe kuti Mzati wawo ali moyo. Ku shopu ya a Chidendene anthu anasiya kubweretsa nsapato, ankabweretsa mafoni. "Achikulire, tationereni jombo za Mayi Nkhunguzi, kodi apereka anzawo?" A Chidendene ankayankha pang'onopang'ono ngati woweruza wa khoti lalikulu, ndipo wometa anayamba kugogoda pulayiwudi asanayetsemule.

Ulemerero wonsewo unkathera pachipata cha kunyumba. Sutikesi imene inkakhala pamwamba pa wadiropu inali itatsika, ili yasa pakona ya chipinda chochezera, ndipo m'mawa uliwonse namwino ankaikamo chinthu chimodzi asanapite kuntchito. Lero thawulo. Mawa simbi. Mkuja kapu yake ya maluwa. Sankakalipa, sankalira. Ankangoti, "Mwadzuka bwanji ababa," n'kuikamo chinthu.

A Chidendene anayamba kusowa pokhala. Akakhala pabenchi ankafuna kuimirira, akaimirira ankaiwala chimene waimirira. Anamatira soli ya mwana wasukulu ku nsapato ya wapolisi. Anasokerera epuloni yawo ku jombo ya kasitomala, mwiniwake atabwera kudzatenga anatsala pang'ono kunyamula ndi wosoka yemwe. Kalendala ya pakhoma anaitembenuza kuti iyang'ane kukhoma, kenako ankaisuzumira kuseri kasanu pa tsiku.

"Ngwazi yanu mwaiukitsa kwa akufa, tathokoza," anatero akazi awo akuwapatsa madzi osamba m'manja. "Koma mwana wanu akupakira."

"Dziko lonse lavomereza kuti maso angawa salakwa. Ndiye ndilakwe pa nsapato imene ndinaigwira ndi manja?"

"Dziko lonselo lidzakuphikirani tiyi mukadzakalamba?"

"Ndikumuteteza, mayi ake."

"Mutetezeni, bambo. Lero waikamo chithunzi chija munamunyamula paphewa."

Atatsala masiku anayi kuti filimu ituluke, cha m'ma teni m'mawa, pashopu panafika bambo wina wamtali, wotopa, atavala patapata, jumbo ili m'manja. A Chidendene anayang'ana patapatazo, sizinawauze kanthu. Munthuyo anakhuthula jumbo pabenchi. Nsapato zakuda. Zidendene zodyekera kunja. Mphuno zokalika. A Chidendene anatembenuza yakumanzere. Mano a agalu awiri aja analipo, ndipo panali patawonjezekera wachitatu.

"Wakutumani ndi mwiniwake? Akuopa kubwera yekha?"

"Mwiniwake ndine, achikulire."

"Musandinamize. Nsapato izi ndikuzidziwa."

"Mwina munaziona kumapazi a mng'ono wanga, wokonza mafoni uja. Anandibwereka Lamlungu lina, akuti akukaonekera kwa makolo a chibwenzi chake. Iye alibe nsapato yooneka, amangovala zansalu. Anazipukuta usiku wonse, koma akuti bambo a mtsikanayo sanazikonde. Madala ovuta ndithu, akuti sanamuyang'ane n'kumaso komwe."

A Chidendene anameza malovu, pang'ono amezere ndi kamsomali.

"Inuyo mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimawerenga mamita a madzi. Makomo zana pa tsiku. Ena amakhoma zipata, ndiye umangodumpha, ukapanda kutero abwana akuti sunagwire ntchito. Koma agalu, achikulire! Uyu wa dzuloyu anali ngati mwana wang'ombe. Zitheka kukonzeka?"

"Zitheka," anatero a Chidendene ndi mawu a munthu amene akumva uthenga wa maliro ake omwe. "Bwerani mawa."

Chimene chinachitika kenako msewu wonse umachikumbukira. A Chidendene anatuluka m'shopu nthawi ya ntchito, chinthu chimene sanachite ngakhale tsiku lija sitolo ya penti inagwira moto. Anayenda ndi epuloni yawo, ulusi uli lende m'khosi, mpaka mumsewu wachiwiri. Wamafoni anali ataweramira foni yotsegula pamimba, kachitsulo kowotcherera kali m'manja.

"Vula nsapato."

"Bambo?"

"Zako zenizeni. Vula."

Mnyamatayo anavula, n'kubisa sokosi yobooka kuseri kwa mwendo wa tebulo. Zinali zansalu, zotuwa, zotopa. A Chidendene anazitengera pakhomo pamene pali kuwala. Zidendene zinali zowongoka ngati za mwana wa kwaya. Pakati pa soli panali mzere wa chitsulo cha mpando, chizindikiro cha munthu wokhala malo amodzi tsiku lonse. Pamwamba, timabowo ta mtovu wotentha. Dothi la mtundu umodzi wokha. Koma kutsogolo kwa soli yakumanja kunali kodyeka mozungulira, ngati munthu amene amafika penapake n'kutembenuka msangamsanga, ndipo m'bwalo limenelo munali penti yachikasu. Penti imeneyo a Chidendene ankaidziwa. Inatayika masabata awiri apitawo, masitepe atatu kuchokera pakhomo la shopu yawo.

"Wafika kangati pakhomo panga n'kubwerera?"

"Tsiku lililonse, bambo. Kawiri. Ndimafuna ndikuuzeni kuti zinali zobwereka, koma ndikafika pa pentipo miyendo imakana."

"Unabwerekeranji?"

"Ndinamva kuti mumayang'ana nsapato. Ndinati izi mukaziona mundithamangitsa."

A Chidendene anaima nsapato zili m'manja. Kenako, pang'onopang'ono, khosi likulira ngati chitseko chimene sichinatsegulidwe zaka makumi atatu, anakweza mutu n'kumuyang'ana mnyamatayo kumaso.

"Makutu amenewa, mwana wanga anawaona?"

"Anawaona, bambo."

"Chabwino. Ndi zake zimenezo. Valani, titsagane."

Anamutengera kwa wometa, kumene khoti linali litadzaza monga mwa masiku onse. Anthu anapatuka, wina anapukuta mpando. A Chidendene anakana kukhala.

"Ndabwera kudzabweza mawu. Ndinakuuzani kuti Wachigoba ndi Mzati. Sindikudziwa."

"Achikulire, musatero!" anakuwa wometa. "Msoko wachisanu uja! Dziko lonse lauona!"

"Jombo ndi ya Mzati, pamenepo ndikhoza kulumbira. Nsapato sinama. Koma nsapato imabwerekedwa. Ine ndi ukalamba wangawu ndaphunzira lero, ndipo pang'ono ndilipire ndi mwana. Phazi limene lili m'katimo sindinalione."

M'shopu munamveka kubuula ngati kwa anthu amene timu yawo yagoletsedwa mphindi yomaliza. Wina anati madala akalamba. Wina anati anali kukayika kuyambira kale. Ulemerero wa masabata awiri unasesedwa pamodzi ndi tsitsi la pansi. Kasitomala wa Mayi Nkhungu uja anayamba kuvina.

"Nanga angabwereke jombo za munthu wakufa ndani?" anafunsa wometa mokhumudwa.

"Amabwereka nsapato ndi mng'ono," anayankha a Chidendene. "Funsani awa."

Wamafoni anatsegula pakamwa. Anafufuza m'kope mwake, masamba akuuluka. "Mzati ali ndi mng'ono wake! Anaonekapo kamodzi, m'kabuku kakalekale, zithunzi ziwiri zokha, atanyamula chikwama! Aliyense anamuiwala!"

Phokoso limene linabuka linagwedeza pulayiwudi mpaka nyundo inagwa mbali inayo. Wometa anadutsitsa makina pakati pa mutu wa munthu. Onse anathamangira kwa a Chidendene kuti atsimikize, koma iwo anakweza manja.

"Ine ndanena za nsapato. Za phazi tikaonera komweko. Mkamwini, tikiti yanga ija ilipo?"

Mawu akuti mkamwini anafika kuchipatala a Chidendene asanafike n'kushopu komwe. Madzulo ake sutikesi inali idakali pakona, koma kapu ya maluwa inali itabwerera pa shelefu. Namwino anabwera ndi ketulo. Anangowathirira bambo ake tiyi, shuga masupuni atatu m'malo mwa awiri amene amawalola. Mawa lake simbi inatuluka. Chithunzi chinatuluka tsiku lomaliza, chifukwa mwanayo ndi wa bambo ake, sakhululuka mothamanga.

Loweruka masana anaima pamzere wa pa holo anthu anayi, popanda sutikesi. Wamafoni anavala zansalu zake, zochapidwa, zokhala ndi soli zatsopano zimene wina anasoka ndi misoko yowongoka yokhayokha. A Chidendene anali atakangana kale ndi wapakhomo kuti awasinthire mpando wakutsogolo penipeni, pamene mapazi amaoneka bwino. Ankangosinthasintha miyendo, kuyang'ana chitseko, kufunsa nthawi. Kenako anatembenuka n'kuyang'anitsitsa akazi awo kumaso.

"Mwatani bambo? Mukudwala?"

"Ayi, ndikungoona." Maso awo anabwerera kumapazi a mayiwo. "Mayi ake, masandasi aja a kawaya, munavala tsiku loyamba lija. Anali anu?"

Mayiwo anakonza mpango wawo mosafulumira, n'kupereka tikiti kwa wapakhomo.

"Anali a achemwali anga. Ine chinthu chikaduka ndimataya. Tiyeni, filimu ikuyamba."